Thunthu la Nthochi m'Manda a Wedisoni

1.

Mukubwera Lachisanu, achimwene.

Ndasesa. Ndalambula njira yonse kuchokera pamsewu, ndatema ndi minga ija inkakukolani thalauza. Amalume a Jailosi avomera. Inde, omwewo. Avomera osakanda ndi kumutu komwe, ati Wedisoni ndi mwana wa pakhomo pano, nanga akagonenso kuti? Ine Eneresi, mlongo wanu, ndinangowayang'ana. Ndikanatsegula pakamwa bwenzi pano akundizenga mlandu wotukwana akuluakulu.

Zaka makumi awiri chichokereni. Mukubwera Lachisanu.

2.

Boma kutsutsana ndi Wedisoni Chimkwita.

Woimbidwa mlandu anapeza ng'ombe za mnzake zikudya mbewu m'dimba mwake, kachitatu. Panali mawu. Panali mpini wa khasu. Kamodzi, pamutu.

Mlandu unayamba mame asanaume, unatha dzuwa lisanafike paliwombo. Loya wanu anakuonani koyamba m'mawa womwewo, ndipo dzina lanu ankachita kuwerenga papepala. Woweruza anati manja anga ndi omangika, lamulo lili ndi khomo limodzi lokha, wopha munthu anyongedwe.

Sindikunena kuti simunaphe. Munapha. Mkazi wa munthu uja mpaka lero tikakumana kuchigayo amayang'ana kumbali, ndipo sindimuda.

3.

M'chaka chachitatu munthu wina wotuluka kundende yaikulu ya kummwera anatsika basi pasitolo yathu, kudikira ina. Amayi anamva, anathamanga ndi mpango m'manja.

Bambo, kumeneko munamuonako mwana wanga?
Anali wa mlandu wanji, mayi?
Wa chingwe.
Aa, pepani. A chingwe aja anawanyonga onse mwezi wathawu. Ndende yonse inkadziwa.
Nanga mtembo?
Wonyongedwa ndi wa boma, mayi. Sabweza.

Basi yake inabwera, anakwera. Sitinamufunse ngakhale dzina.

Amayi anasiya kudya. Patapita masabata awiri amalume anati munthu salira maliro a m'malere, mzimu wa mwanayu ukusowa pokhala, ndipo mlongo wangayu atsatira. Dulani nthochi.

4.

Zimene tinaika m'manda mwanu:

thunthu la nthochi, lotalika ngati inu, ndinayeza ndine ndi bango
malaya anu a mizeremizere aja, a mabatani asanu
mphasa yatsopano
nyimbo zitatu
kuseka kwa amayi

Tinameta. Alamu anga a Nangondo tinawasudzula monga mwa mwambo, tinati pitani, ndinu mfulu, ndipo anakakwatiwa kutsidya. Chaka chotsatira tinaumba mtanda wa simenti, mmisiri analemba dzina lanu ndi msomali simenti isanaume, pansi pake chaka.

Amayi atadwala matenda awo omaliza anati mudzandigoneke pafupi ndi mwana wanga. Tinawagoneka. Ali pomwepo mpaka lero, pambali pa nthochi.

5.

Mlandu suola.

Nthochi ndiye imaola.

6.

M'chaka cha khumi ndi zisanu ndi ziwiri, Eneresi akutonola chimanga pakhonde, galimoto yoyera inaima pansi pa mango. Munatuluka mayi wamtali wonyamula chikwama cha mapepala.

Zikomo kuno. Ndine mayi Nthondowa, ndimathandiza akaidi pa nkhani za malamulo. Kodi pano ndi kwawo kwa a Wedisoni Chimkwita?
Panali kwawo.
Akupereka moni.
Ndani?
A Wedisoniwo. Ndinali nawo sabata yatha.
Mayi, musasewere ndi maliro a eni ake.

Mayiyo anatulutsa foni, anaonetsa chithunzi. Nkhalamba yowonda, mano akutsogolo kulibe, imvi mbuu. Eneresi anafuna kunena kuti mwasokera. Kenako anaona khutu lakumanzere, lobenthuka pamwamba.

Anakhala pansi, pafumbi penipeni. Nkhuku zinadya chimanga chonse cha m'lichero iye akuziona.

Sananyonge aliyense, anatero mayi Nthondowa. Zaka zonsezi angokhala, kudikira chingwe.

7.

Bwalo Lalikulu lagamula kuti lamulo lokakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa likusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Aliyense amene anaweruzidwa motero amvedwenso, payekhapayekha. Amene wakhalitsa, ndipo wasintha, akhoza kumasulidwa.

Zofunika:

fayilo ya mlandu woyamba
kalata ya mkulu wa ndende yonena za khalidwe la mkaidi
chikalata cha kumudzi, chodindidwa ndi chala cha mwini mbumba, chotsimikiza kuti akatuluka adzamulandira

Fayilo yanu inadyedwa ndi chiswe, bwalo linati palibe kanthu, zimachitika. Kalata ya ndende inalipo, yokutamani ngati m'busa. Kunatsala chala. Chala chimodzi, chachikulu, cha amalume a Jailosi.

8.

Amalume sanakalipe. Akanakalipa bwenzi ndikudziwa powagwira. Anangobisa manja onse awiri m'khwapa.

Mayi, ine mwanayo sindimukana. Ndi magazi a mlongo wanga.
Ndiye dindani apa, bambo.
Tinamuika. Tinameta. Ndinaponya dothi loyamba ndine, ndinamuuza kuti ugone, usadzatembenuke. Lero aponde pano manda ake ali chitsekere? Ameneyo walowa ndi mzukwa. Ana atupa m'mudzi muno, ndipo aliyense adzaloza ine.
Koma munthuyo ndi wamoyo.
Kwa inu a boma. Kuno tinamutsekera. Tifukule kaye, tichotse nthochiyo, tiwaze mankhwala, ndimuitane ndi pakamwa panga pomwe ndinamutsazikira. Zikatero ndidinda ndi zala khumi, ndi zakumiyendo zomwe.

Mayi Nthondowa anaseka, anati basi zomwezo? Fukulani mawa.

Tonse tinaseka. Ndimadana nako kuseka kuja.

9.

M'mawa adzukulu ananyamula makasu. Tisanafike ndi kumanda komwe, njinga yamoto inatipeza. Wina anali atatsina khutu apolisi kuti kwa a Jailosi akufukula mitembo.

Kufukula manda popanda chilolezo cha khoti ndi mlandu waukulu, anatero wapolisiyo. Khasu likangogunda pansi ndikunjatani nonse.
Mulibe munthu, bwana. Muli nthochi.
Mwadziwa bwanji musanafukule?
Tinaika ndife.
Aliyense wofukula amatero. Pitani kwa majisitireti.

Adzukulu anatula makasu. Amalume anaoneka ngati munthu amene wamulandira katundu.

10.

Eneresi iwe,

akundilembera kalatayi ndi mnzanga wa m'chipinda chimodzi, maso anga anafooka ndi ulusi. Ndinaphunzira utelala kuno, theka la ndende ino likuvala zigamba zanga. Andiuza zonse. Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira, chili ndi ine chifuwachi, sichindisiya. Tandiuza, pamaliro anga anthu anabwera ambiri? Analalikira ndani, ananenako zabwino? Kalata sindinkalemba, ndinkati munthu wa chingwe asamakumbutse anthu ake. Za amayi usandiuze, ndamva. Za Nangondo usamudandaule, anachita bwino. Amalume usawakakamize, ndi amantha chibadwire, paja anathawa mbuzi yawo yomwe. Ine ndaphunzira kudikira, ndi ntchito yokhayo imene ndimaidziwa kuposa kusoka. Mango aja a pakhomo alipo?

Ndine Wedisoni, malemu.

11.

Bwalo la majisitireti lili paboma ndipo kuti ufikeko umadzuka nkhuku zisanatsike, umayenda mpaka pamsewu, umakwera lole ya fodya ukhale pamwamba pa mabelo, ukafika umapeza benchi yadzaza kale ndi akuba mbuzi ndi osiyana mabanja ndi olimbirana malire, umakhala pansi, kalaliki amatuluka ndi mapepala amaitana mayina onse kupatula lako, umadzuka umati bwana ine wa manda uja, iye amati oo mayi wa nthochi, benchi yonse imatembenuka kuseka, amati fayilo yanu ili kwa bwana, bwana ali kumsonkhano, kuona maso a nkhono n'kudekha mayi, ndipo iwe umafuna kumufunsa kuti nkhonoyo inayamba yagonapo pasimenti zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ikutsokomola, koma sufunsa, umati zikomo bwana, umapinda mwendo, umathokoza munthu amene sanakuchitire kanthu chifukwa mawa fayilo yako idzadutsanso m'manja omwewo, umakwera lole yobwerera, kumunda udzu ukukuseka

Bwerani mwezi wamawa.

12.

Tsiku limene anatiitana, majisitireti anali bambo wa magalasi, waulemu ndithu.

Mukupempha kufukula manda a ndani?
A Wedisoni Chimkwita, bwana.
Chiphaso cha imfa yake chili kuti?
Sanafe, bwana. Ali kundende.
Ndiye m'mandamo muli ndani?
Mulibe munthu.
Ngati mulibe munthu, si manda. Ngati si manda, bwalo lino lilibe mphamvu yopereka chilolezo chofukula manda.

Ndinabwerera kupolisi ndi mawu amenewo, ndikuthamanga ngati mwana.

Pali mtumbira? anafunsa wapolisi uja.
Ulipo.
Pali mtanda? Pali dzina? Ali pakati pa manda ena?
Inde, bwana.
Ndi manda. Bweretsani pepala la khoti.

13.

Mlandu wayimitsidwa chifukwa:

majisitireti ali pa tchuthi
woimira boma sanalandire mapepala
analandira, koma sanawerenge
magetsi azima, makina olembera sakuyaka
kalaliki waferedwa
palibe lamulo lonena za nthochi, tifunse kaye kulikulu
kulikulu sanayankhe
a kukhoti akunyanyala ntchito
majisitireti amusamutsa

Bwerani mwezi wamawa.

14.

Pa wailesi tinkamva anzanu akutuluka. Uyu wapita kwawo atatha zaka makumi awiri ndi zitatu. Uyu amulandira ndi ng'oma. Ndinkatseka wailesiyo chifukwa cha nsanje, nsanje ndi anthu osawadziwa.

Kenako boma linachita apilo. Bwalo la Apilo linati zonse ziime kaye. Zinaima chaka chathunthu. Kenako linati Bwalo Lalikulu silinalakwe, pitirizani. Anthu a masuti anajambulitsa pa masitepe a khoti, akumwetulira, ati lero dziko lathu lalemba mbiri.

Mayi Nthondowa anandiwerengera nyuzipepalayo pakhonde. Anati izi ndi zazikulu, Eneresi, mayiko ena akutitengera chitsanzo.

Ndinati chabwino, mayi. Nanga m'mbiri imeneyo muli khasu?

15.

Khutu lija.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinalowa m'munda wa esiteti kukatola nkhuni, mlonda anamasula agalu. Munandinyamula ngati thumba la ufa, munandiponya kuseri kwa mpanda, inu pokwawa pansi waya unakudyani khutu. Magazi mpaka m'khosi. Kunyumba munanama kuti mwagwa mumtengo, ndipo amayi anakukwapulani pamwamba pa balalo.

Usadzaulule, munatero. Sindinaulule. Ndikuulula lero chifukwa wokukwapulani kulibe.

16.

Eneresi anapita kundende kamodzi kokha, ulendo wa masiku awiri, atanyamula mbatata yootcha ndi chiponde. Msilikali anabaya mbatata iliyonse ndi waya kuona ngati mulibe kanthu.

Anamubweretsa Wedisoni. Pakati pawo panali sefa wachitsulo.

Wakalamba iwe.
Inu ndiye mwatsitsimuka?
Lowetsa chala apa. Ndigwire, ukawauze amalume ngati mzukwa umatentha.

Analowetsa chala. Ankatentha, kutentha kwa matenda.

Achimwene, nthochi ija ndinayeza ndine.
Unayeza bwino?
Ndinayeza ndi bango, pa chitseko paja munkagunda mutu.
Ndiye inatalika. Ndafupika masiku ano.

Anaseka, kuseka kunasanduka chifuwa, chifuwa chinatenga nthawi yonse yotsala. Msilikali anagogoda sefa ndi ndodo.

Nthawi yatha, mayi.

17.

Ndinawapempha mayi Nthondowa kuti ndidinde ndine. Chala ndi chala, jaji adziwa bwanji? Anakana. Anati woimira boma akadzatulukira, mlandu wonse wagwa, ndipo achimwene anu sadzapatsidwanso mwayi wina.

Ndinapita kwa amalume, ndinagwada. Ndinawakumbutsa mlongo wawo. Ndinalira, kenako ndinawatukwana, ndinati ana amene mukuopa kuti atupa alipo ndi onenepa, amene akuuma ndi mwana wa mlongo wanu. Anangoti mwana wanga, pepala la khoti likangobwera.

Ndinaganiza zonyamula khasu ndekha. Mayi Nthondowa anati mukatero mukalowa kundende ndinu, ndipo amalume adzati mwafukula mwakuba, mwambo sunayende. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amatero. Ine m'mimba ndinamva zaka zitatu. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ali ndi anthu osamva kanthu.

Ndimawada onse. Wa magalasi, wa njinga yamoto, munthu wa pabasi uja, amalume. Ndikamaliza mndandanda ndimadzipeza ndekha kumapeto, nditagwira bango.

18.

Lolemba lapitali.

Majisitireti watsopano, mayi wachitsikana, anawerenga fayilo yonse ali chete. Anafika penapake anayamba kuseka, kenako analeka. Anavula magalasi.

Nkhaniyi yakhala pano zaka zitatu?
Inde, bwana.
Chifukwa cha nthochi?

Kalaliki ankayang'ana denga.

Fukulani.

Liwu limodzi. Analemba, anasaina, anamenya chidindo. Zonse pamodzi sizinatenge nthawi imene munthu amatenga kusenda mbatata.

19.

Lachiwiri mudzi wonse unali kumanda. Wapolisi uja analipo, atagwira pepala ndi manja awiri. Adzukulu anachotsa mtanda mosamala, anautsamiritsa pamtengo, anakumba mosamala kuti asagumulire amayi.

Zimene tinapeza:

dothi lakuda
mizu
mabatani asanu

Amalume anawaza mankhwala ndi nthambi. Anagwada m'mphepete mwa dzenje, misozi ili chuchuchu, anafuula. Wedisoni! Suli muno! Tinalakwa ndife, mwana wanga, bwera kwanu!

Amayi a m'mudzi anaimba nthungululu. Amalume anapaka inki, anadinda chala pachikalata chili pa bondo la mayi Nthondowa, anati ndipatseni lina ndidindenso. Anati dzenje likhale chitsekulire tsiku limodzi lipite mphepo, tidzakwirira mawa.

Ndinavina, achimwene. Ndi msana wangawu, ndinavina kumanda. Mabatani ndinawamanga pamfundo ya chitenje, ndinati telala akubwera, adzawapezera malaya.

20.

Mukubwera Lachisanu.

Mango alipo. Akupsa.

21.

Lachitatu galimoto yoyera inaimanso pansi pa mango. Mayi Nthondowa sanatsike msanga. Anakhala m'menemo injini itazima, manja ali pa chiwongolero, ndipo ine ndinadziwa.

Lamulungu m'mawa, m'chipatala cha ndende. Chifuwa chija. Uthenga unachedwa chifukwa woyenera kusaina kunalibe.

Ndiye kuti pamene majisitireti ankati fukulani munali mutazizira kale tsiku lathunthu. Pamene amalume ankakuitanani kuti bwera kwanu, pamene ine ndinkavina, munali mu furiji, chikwangwani chili kuchala. Zaka khumi ndi zinayi tinkakulirani muli moyo. Takuukitsani mutafa.

Boma lati popeza simunanyongedwe, mtembo ndi wa abale. Lapereka ndi galimoto. Papepala limeneli sanafune chala cha munthu aliyense.

Adzukulu anali atanyamula kale makasu kuti akakwirire. Mkulu wawo anabwera, anavula chipewa, anati mayi, pepani, koma tisavutike kawiri. Mmisiri wati mtanda ndi wabwinobwino, dzina lilipo, angokonza chaka. Amalume ati palibe choletsa, mwambo unayenda, mwana alowe m'mudzi mwake.

Lero kwabwera kalata ya Bwalo Lalikulu. Mayi Nthondowa sanafune kundiwerengera, ndinawakakamiza. Chikalata cha kumudzi chalandiridwa. Mlandu wa Wedisoni Chimkwita udzamvedwa mwezi wamawa, ndipo woimbidwa mlandu asadzalephere kufika.

Ndasesa. Ndalambula njira, kuti onyamula bokosi minga isawakole. Mabatani ndisokera pa malaya amene muvale, asanu onse, musaseke masokedwe anga. Amayi mukawapeza pomwepo, kudzanja lamanzere, zaka zonsezi akhala akucheza ndi nthochi.

Dzenje musadere nkhawa, achimwene, likukwanani. Ndinayeza ndine.